Tchoki Yokoka pa Ulendo wa Maliro a Yotamu

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito zimene ndinagwira kumpoto, ndiye poti tsopano ndili ndi nthawi yambiri kuposa mano, ndayamba. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndizidumpha, chifukwa kunalibe china koma kuweta mbuzi ndi kukwapulidwa. Chimene muyenera kukumbukira powerenga n'chakuti bambo wanu ndine munthu wa nkhawa. Amayi anu amati ine ndimagula bokosi munthu akadali kutsokomola, ndipo sindinawatsutsepo. Makaniko wabwino amayenera kukhala wamantha pang'ono, koma ine ndinapyola muyezo.

1994, Jenda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa Jenda, pa galaja ya a Gondwe, chaka chimene matipate anali atangolowa. Aliyense amene wagulitsa bwino fodya ankafuna galimoto, ndipo zimene ankagula zinali nkhalamba zotopera kale m'manja mwa anthu ena. Zipangizo kunalibe. Gasiketi tinkasema pa katoni ya nsapato, mapulagi tinkangowapala n'kuwabwezera, ndipo bawuti ikagwera mumchenga galaja yonse inkagwada kuifunafuna. A Gondwe anali munthu wamfupi wa mawu aakulu, wosafuna kufunsidwa kawiri. Chitumbuka changa chinali “yewo” basi, ndiye akapsa mtima n'kuyamba kundilalatira m'chilankhulo chawo, ine ndinkangoti yewo, iwo n'kupsa mtima koposa.

Tsiku lina masana anandituma pa njinga kukaona pikapu imene inazima pamsewu wafumbi wolowera kumidzi. Sanandiuze kuti yanyamula maliro. Nditafika ndinapeza anthu ataizungulira, bokosi lili kumbuyo, mkulu wina atagwira chipewa m'manja akulankhula ndi womwalirayo ngati akunyengerera mwana. Zoti maliro amakana kuyenda ndinali nditazimva ngakhale kwathu, koma apa ndinaona zina. Ankatsitsa achibale mmodzimmodzi, ndipo wina akatsika dalaivala ankayesa kuliza. Galimoto ikalira, ndiye kuti wotsikayo ndi amene malemu akumukana. Ine fungo la petulo ndinali nditalimva ndili patali. Injini inali itakhuta mafuta chifukwa dalaivala ankangopondaponda, ndipo injini yotere imangofuna kuisiya kanthawi kuti iume, kenako imalira yokha, kaya amene waima pansiyo ndi m'busa kaya ndi mfiti. Inalira atatsika mng'ono wake wa malemu, bambo wamtali wovala jekete yom'chepera. Anamusiya pamsewu pomwepo, akuyang'ana fumbi la galimoto, manja ali lende.

Nditabwerera ndinawafotokozera a Gondwe zonse. Anandiyang'ana nati, “Iwe Kamwendo, ine ndimapemphera, zimenezo sindikhulupirira yayi. Kweni pa maliro a eni ake sipanala yako isalowepo. Ukatsegula pakamwa, mbwenu wotsatira kutsika ndiwe.” Patapita miyezi ndinamva kuti bambo uja anasamuka m'mudzi n'kuwolokera ku Zambia. Kuyambira pamenepo, galimoto ya maliro ikandidutsa ndinkatchera khutu ku injini osati ku nyimbo.

1996, Chikangawa

Galaja ya a Gondwe itagwa, ndinapita ku Chikangawa kukagwira ntchito pa macheka a bambo Nyirenda. Kumeneko n'kumene ndinadziwa kuti dziko lino lili ndi chisanu. M'mawa chifunga chinkatsika m'mapaini mpaka osaona chimbudzi chako chomwe, ndipo zala zinkauma moti sipanala inkapulumuka m'manja. Antchito tinali osakanikirana, a ku Mulanje, a ku Karonga, a ku Dedza, aliyense akutukwana chisanu m'chilankhulo chake. Ntchito yanga inali kusamala injini ya macheka, lole yonyamula matabwa, ndi galimoto ya bwana.

A Nyirenda anali atagwirapo ukalaliki m'boma. Anali mkulu wa mpingo, munthu waulemu wovala tayi ndi chipewa ngakhale pa utuchi, koma cholakwa chako sankachiiwala. Galimoto yawo inali siteshoni wagoni yobiriwira imene anagula kwa mzungu wina wa zankhalango pobwerera kwawo. Inali yakale moti ikamadutsa ana ankaiwombera m'manja, koma iwo ankaipukuta okha ndi mpango wa m'thumba. Poti inali yaitali komanso yofoleredwa, ndiyo inkanyamula wantchito akamwalira, ndipo zaka zimenezo anthu ankamwalira kwambiri.

Pakati pa ocheka matabwa panali Yotamu Shaba, wa kufupi ndi Edingeni, munthu wamphamvu wosalankhulalankhula. Mkazi wake Esinati anali Nangozo wa ku Ntcheu, mudzi wake woyandikana ndi wathu, ndiye titazindikirana tinayamba kutchulana achimwene ndi mlongo, ndipo iye ndi amayi anu ankagawana mchere ndi miseche. Yotamu anali atapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwawo, kutanthauza kuti ana awo onse anali a kuchimuna. Kwathu ana ndi a mayi, choncho Esinati ankangoseka nazo, amvekere, “Mimba ndinanyamula ine, koma akuti anawa anabereka ndi ng'ombe.” Achibale a Yotamu sankamukonda. Ankati mwana wawo anadumpha atsikana onse a kwawo n'kukatola mkazi wosadziwa ndi kugwada komwe.

1997, nkhani ya tchoki

M'galimoto za masiku ano simudzaonamo tchoki, ndiye ndifotokoze. Injini ya petulo ikazizira imafuna mafuta ambiri ndi mpweya wochepa kuti ilire. Tchoki ndi kachitseko ka pakamwa pa kabuleta kamene kamatseka mpweyawo. Injini ikatentha kachitsekoko kayenera kutseguka, apo ayi injini imakhuta mafuta, imafuka utsi wakuda n'kuzima. Tchoki zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi yokoka, ili ndi kabatani pafupi ndi chiwongolero, umakoka wekha n'kubwezanso wekha. Ina ndi ya otomatiki, ili ndi kasipuling'i kamene kamamva kutentha n'kutsegula kokha. Ya a Nyirenda inali ya otomatiki, ndipo kasipuling'i kake kanali katakalamba. Tsiku lina kankakanirira chotsegula, galimoto osalira mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lina kankakanirira chotseka n'kuwazimira bwana pakati pa malole a matabwa.

Ine ndinati tiichotse, tiike yokoka. Waya wa kilatchi ya njinga yamoto ndinali nawo kale, ndipo kabatani ndikanasema. A Nyirenda anapukusa mutu nati, “Kamwendo, amene anapanga galimoto iyi sanali wopusa. Munthu amaiwala, chitsulo sichiiwala.”

“Zoona bwana,” ndinatero, “koma chitsulo chikadwala sichinena.”

“Ndipo iwe ukadwala, galimoto yanga idzayendetsa ndani? Amayi kunyumba akaiwala kubweza kabataniko, petulo atsuka oyilo yense mu injini. Injini ina ya galimoto iyi udzaipeza kuti m'Malawi muno?”

Musaganize kuti bwana ankalakwitsa. Zonse zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'zimene zinkandisowetsa mtendere. Ndinkati ndikaganiza za yokoka ndinkaona injini itafa, ine ndili pamsewu ndi katundu wanga. Ndikaganiza za otomatiki ndinkaona galimoto itazima ndi bokosi kumbuyo, anthu akutsika mmodzimmodzi. Chifukwa chachiwirichi sindinawauze, ndinkachita manyazi kuti mkulu wa mpingo andiseka. Anatuma munthu wina wopita ku Joni kuti akagule tchoki yatsopano ya otomatiki, tinadikira nyengo yonse ya chisanu, ndipo itabwera inapezeka kuti ndi ya galimoto ya mtundu wina. Tsiku limenelo anaiponya pa benchi nati, “Ika waya wako uja.”

Mwezi usanathe, mayi Nyirenda anatenga galimoto kupita ku Mzuzu kabatani kali kokoka, kupita ndi kubwerera. Inafika ikutsokomola, mapulagi ali bii ngati pansi pa mphika. Bwana sanawakalipire akazi awo, anandiitana ine. “Kuyambira lero uziyendetsa wekha, kulikonse, ngakhale Lamlungu. Ndipo ndikadzangoona kabatani kako kali kokoka injini itatentha, mbwenu usadzadikire kuti ndikuuze, udzangomanga katundu.” Walira mvula walira matope. Tchoki ndinaipeza, koma ndinasanduka dalaivala wa maukwati, misonkhano ya mpingo ndi maliro onse, ndipo dzanja langa lamanzere linazolowera kumangopita pa kabataniko kukaona ngati kali mkati.

Okutobala 1998

Yotamu anadwala nthawi yaitali. Anaonda mpaka sowo imene ankainyamula ndi dzanja limodzi inayamba kum'kanika, kenako anakamwalirira kuchipatala cha pa boma ku Mzimba. Kuchokera kumudzi kunabwera bambo ake aakulu, a Zebroni Shaba, pamodzi ndi mlongo wake wa Yotamu, NyaShaba. A Zebroni anali nkhalamba yowongoka ya maso ofiira, ndipo atangokhala pansi ananena anthu onse akumva kuti mwamuna wamphamvu chonchija safota popanda chifukwa. Sanatchule dzina, koma anayang'ana kumene kunakhala Esinati nati, “Pamsewu tikaona. Mwana wathu anena yekha.”

M'mawa wa ulendo Esinati anandipeza ndikupukuta magalasi. Maso ake anali atatupa, mwana wamng'ono ali kumsana. Analankhula motsitsa mawu. “Achimwene, akuti akandipeza ndi mlandu andibweza ku Ntcheu ndekha, ana atsala. Ngakhale uyu akuyamwayu. Galimoto yanuyi ili bwino?” Ndinati ili bwino. Mapulagi ndinali nditatsuka, petulo ndinasefa ndi nsalu, waya wa tchoki ndinayesa kukoka ndi kubweza mpaka chala chinatupa. Koma batire linali lofooka, ndipo lina kunalibe kolipeza.

Chifunga chinalipo ngakhale unali mwezi wotentha. Ndinakoka tchoki, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, ndinabweza pang'onopang'ono, ndipo tinatsika bwinobwino mpaka pa boma. Kumochale tinachedwa. Lole ya matabwa, imene inanyamula antchito anzathu, nkhuni ndi ana awiri aakulu a Yotamu, inatsogola. Ife tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Kutsogolo tinali ine ndi a Nyirenda. Kumbuyo tinapinda mpando n'kulowetsa bokosi, ndipo m'mbali mwake munapanikizana a Zebroni, NyaShaba, ndi Esinati ndi mwana wake. Msewu wa ku Edingeni unali mchenga ndi mabampu, giya yaing'ono njira yonse, injini ikutentha ngati ng'anjo. Ndinkamvetsera kulira kwake kulikonse, ndipo malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Titawoloka kamtsinje kouma n'kuyamba kukwera kamtunda ka mchenga, injini inatsokomola, inadukiza, kenako inangoti zii.

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti si tchoki. Kunja kukatentha chonchija petulo amawira mu paipi n'kusanduka mpweya, pampu osakoka kanthu. Mankhwala ake ndi nsalu yonyowa pa pampu ndi kudikira pang'ono. Chaka chathunthu ndinali nditatchinga khomo limodzi, tsoka linalowera khomo lina. Ndinatsika kuti nditsegule boneti, koma a Zebroni anali atatsika kale. “Leka!” anatero. “Galimoto ilibe mlandu yayi. Bwerera pampando wako.” Ndinayang'ana a Nyirenda, iwo anangogwedeza mutu kuti ndimvere. Anthu a m'nyumba zapafupi anayamba kubwera, amayi atafunda zitenje, abambo atavula zipewa. A Zebroni anatsegula chitseko chakumbuyo, anaika dzanja pa bokosi n'kuyamba kulankhula ndi Yotamu m'Chitumbuka, mofatsa, kumutchula maina a makolo ake. Atatha anati ndiyese. Ndinayesa, inakana. Analankhulanso, ndinayesanso, ndipo ulendo uno injini inatsokomola kamodzi isanakane. Anthu sanamve kanthu, koma ine ndinamva. Kamphepo kanali kakuwomba, paipi inali kuzizira, ndipo ndinadziwa kuti ndikadzapotozanso kiyi galimoto ilira.

Pamenepo m'pamene a Zebroni anatembenukira kwa Esinati nati, “NyaNgozo, khirani.” Sanayambe ndi wina aliyense. Esinati anayamba kutsika ndi mwana, koma NyaShaba anatambasula manja nati, “Mwana ndi wa kuno, m'siyeni.” Anam'masula kumsana, mwanayo akulira, akugwira bulauzi ya mayi ake. Esinati anaima pamchenga wotentha, sanalire, sanatsutse. Anangoyang'ana ine kudzera pa galasi.

“Liza,” anatero a Zebroni.

Ana anga, m'moyo wanga wonse sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo. Ndikapotoza kiyi, galimoto ilira, mlongo wanga atsala pamsewu ndipo ana ake sadzawaleranso. Ndikanena kuti ndi petulo wawira, andiyankha kuti Mchewa akuikira kumbuyo Mchewa mnzake. Njira inatsala imodzi, ndipo inali pansi pa dzanja langa lamanzere. Injini yotentha ukaikokera tchoki yonse n'kupondaponda mafuta, siingalire ngakhale utaigwadira. Koma bwana anali pambali panga, maso ali pa kabatani komweko. Ndiponso injini ikakhuta mafuta imafuna batire lamphamvu kuti idzuke, ndipo langa linali litayamba kale kubuula. Likanatha, tikanakhala pamenepo ndi mtembo padzuwa, pamchenga posakankhika, ndipo mlandu ukanagwerabe Esinati yemweyo. Ndinaganiza za inu, za nyumba ya kampani imene tinkakhala, za amayi anu amene anali ndi pakati. Ndinakoka.

Waya uja anali wouma, analira kuti kwii. Ndinamva a Nyirenda akukoka mpweya. Sindinawayang'ane, ndinangodikira mawu awo. M'malo mwake anavula chipewa chawo pang'onopang'ono, ngati munthu wolemekeza maliro, n'kuchikoleka pa kabatani paja. Ndinapondaponda mafuta n'kupotoza kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, osagwira. “Yesanso,” anatero a Zebroni. Ndinayesanso. Fungo la petulo linadzaza m'galimoto, ndipo ndinkangopemphera kuti pagulu paja pasakhale wina amene anagwirapo sipanala. “Yesanso!” Apa batire linamveka kuti likukoka mwendo. Ndinasiya kiyi n'kutambasula manja kuti onse aone kuti ndalephera.

A Nyirenda anatsika. Anayenda mpaka kwa a Zebroni, anawerama pang'ono, n'kulankhula mwaulemu koma mokweza kuti anthu amve. “Adada, pepani chomene, ine ndine mwana kwa inu. Mwam'tsitsa, ndipo munthu wakanabe. Bwanji tiyese kum'kweza? Mwina Yotamu sakukana mkazi wake. Mwina akukana kum'siya.” Kenako mayi wina wachikulire pagulu paja anati, “Enya nadi,” ndipo ena anayamba kung'ung'udza movomereza. A Zebroni anayang'ana bokosi, anayang'ana anthu. Analoza Esinati ndi chibwano kuti akwere.

Apa m'pamene mantha enieni anandigwira. Ndinalowetsa dzanja pansi pa chipewa n'kubweza kabatani, koma injini inali itakhuta mpaka pakhosi, ndipo inkafuna nthawi kuti iume. Ikanakana tsopano, Esinati ali mkati, ndiye kuti ndam'pachika ndi manja anga. A Nyirenda anasuzumira pa windo, anaona nkhope yanga, n'kutembenukira kwa anthu. “Tisanayese, tiyeni tipemphere.” Bwana wanga anali wodziwika ndi mapemphero aatali, koma la tsiku limenelo linaposa onse. Anayambira kwa Adamu, anawolotsa ana a Israyeli pa nyanja, anapempherera odwala, amasiye, a m'ndende, mvula ya chaka chimenecho ndi atsogoleri a zipani zonse. Anthu ankasinthanitsa miyendo pamchenga wotentha. Ine ndinali nditaponda mafuta mpaka pansi osasuntha phazi, kuti mpweya ulowe. Atati ameni, anandiyang'ana.

Ndinapotoza kiyi. Injini inazungulira mwaulesi, ngati nkhalamba ikudzuka pamphasa. Inazunguliranso, mochedwa kuposa poyamba. Ndinamva Esinati kumbuyo akuti, “Mayo, Yotamu.” Sindinasiye kiyi. Inatsokomola, inagwedeza galimoto yonse, kenako inabangula, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Amayi aja anayamba kulira mokweza, ena anayambitsa nyimbo. Pa galasi ndinaona NyaShaba akupereka mwana kwa mayi ake, osayang'ana kumaso. Ine misozi inkangotsika, ndipo anthu ankayesa ndikulira mnzanga.

Tisanafike kumudzi, mbiri inali itatsogola kale pa njinga. Kumanda a Zebroni anaimirira nati mwana wawo walankhula yekha pamaso pa anthu, ndipo iwo sangatsutsane ndi wakufa. Esinati anam'patsa nyumba ya Yotamu ndi munda, ndipo ana onse anakhala naye. Pobwerera tinayenda mpaka tinaponda tala. Pamenepo a Nyirenda anati, “Mawa usinthe oyilo, utsukenso mapulagi.” Patapita kanthawi anawonjezera kuti chipewa chawo chikununkha petulo. Ndinawagwirira ntchito mpaka anamwalira, ndipo nkhaniyi sitinaikambeponso.

2016, Edingeni

Ndikulemba izi momasuka chifukwa onse amene zikanawapweteka anapita, ndipo Esinati naye anatisiya chaka chatha. Ndinam'ona komaliza nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Ndinali nditapereka matabwa kwa munthu wina cha ku Edingeni, ndiye ndinati ndipatuke ndikaone mlongo wanga. Ndinam'peza yekha akusenda chinangwa pakhonde, atakalamba kuposa zaka zake, nyumba itapendekeka, denga likuonetsa dzuwa. Ana onse anawalera, anawaphunzitsa. Wamkulu anali ku Joni, wachiwiri ku Mzuzu, ndipo uja anam'masula kumsana anali atangokwatiwa ku Kasungu. A Zebroni ndi NyaShaba anali atamwalira kalekale. Chichewa chake chinali chitasanduka cha kumeneko, koma kaseko kanali komwe kaja.

Anandiuza kuti alongo ake ku Ntcheu akhala akum'tumizira mauthenga kuti abwerere. Munda wa amayi ake, umene mwa mwambo wa kwathu unali wake, unali kungomera tchire, ndipo anali atam'mangira nyumba ya malata pafupi ndi mjigo. Kuno madzi ankakatunga kutali, miyendo itatupa. Ndinati, “Nanga mlongo, mukudikira chiyani? Ntchito munagwira, ana anakula. Ndikapuma ndibwerera kumudzi, ndidzakutengani pa galimoto ndi katundu wanu yense.”

Anaika mpeni pansi n'kuyang'ana kumitengo ya kumanda, imene inkaoneka kuseri kwa khola. “Achimwene, musaganize kuti sindikufuna. Kuno ndavutika, njala ija ndinatsala pang'ono kufa, ndipo kwathu ndimakulota. Kawiri konse ndinamanga katundu. Koma ndikafika pa msewu miyendo imalemera. Munthu anakana kupita kumanda kwake popanda ine, pamaso pa anthu onse aja. Ndiye ine ndim'siye yekha kuno, ndizikamwa tiyi ku Ntcheu?”

Ndinaganiza zomuuza zonse, za paipi, za kabatani, za chipewa. Akanamasuka, akanakafera kwawo pakati pa abale ake. Koma ndikanam'landa chinthu chimene chinam'gwiriziza zaka zonsezo, ndipo sindinadziwe ngati ndili ndi china chom'patsa m'malo mwake. Ndidakali kulimbana nazo, anandigwira dzanja, lamanzere lomwelo, maso ake ali ndi misozi koma akumwetulira.

“Ana anga amati n'zachikale, amandiseka. Koma inu munalipo, munali pa chiwongolero. Munaona nokha, si choncho achimwene?”

“Ndinaona, mlongo,” ndinatero.